Chaka ndi Theka Ndikugonja Dala pa Bawo

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Amayi a kwaya, khalani pansi, ndichedwa pang'ono.

Ambiri mwa inu mumandidziwa. Ndine Lukasi, uja wowotcherera makasu ndi njinga kuseri kwa msika, uja wa maso ofiira. Ena mumati ndimamwa. Iyayi, ndi moto wa makina umenewo. Mowa ndinasiya kalekale. Koma lero sindinaimirire kuti ndinene za mowa. Ndaimirira kuti ndinene za ng'ombe ziwiri za mkazi wanga, ndi mmene ndinazitayira pa thabwa la bawo popanda kubetcha ndi tambala yomwe.

Ndiyambe ndi mmene zinalili. Ine ndinapitako ku Joni. Ndinabwerako ndi sutikesi, wailesi, jasi, ndi luso lowotcherera zitsulo. Ndinabwerakonso ndi matama, amenewo ndiye anali katundu wamkulu. Ndinakwatira ku Utale, ndinali mkamwini pamudzi pa mkazi wanga Agnesi. Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, Rute. Agnesi anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira zimene anamusiyira malemu amayi ake, Bulaki ndi Sitima. Mundimvetse, abale. Sizinali zanga. Ine pamudzi paja changa chinali sutikesi.

Ng'ombe zimenezo ndizo zinkatidyetsa. Dothi la ku Utale mumalidziwa, likauma ndi mwala. Anzathu akamalimbana ndi khasu mwezi wathunthu, ife masiku anayi tatsiriza, kenako Bulaki ndi Sitima nkukalimira ena, ife nkulandira chimanga. Njala sinkatidziwa. Koma ine ndinkaona ngati ndikuchedwa.

Zinali zaka zija amwenye akuchoka m'matauni ang'onoang'ono, masitolo ali pululu. Aliyense wokhala ndi jekete ankadzitcha wabizinesi. Ine ndinkayang'ana alimi a thonje akusenza mitolo pamutu, mtunda wautali, kupita kumsika. Ndinati mumtima, ndalama zanga zikuyenda pamitu pa anthu. Ndikhome ngolo. Ndigule zitsulo za magalimoto akufa ndi matayala ake, ndiwotcherere, ndiikepo matabwa. Ganizo lija silinali loipa, mpaka lero ndimati silinali loipa. Chosowa chinali poyambira.

Tsiku lina ndinamupeza Agnesi akumwetsa ng'ombe. Ndinamuuza.

Anati, "Bambo a Rute, tikagulitsa ng'ombe tilima ndi chiyani?"

Ndinati, "Chaka chimodzi chokha, mayi a Rute. Mvula ikamadzagwa kachiwiri, m'khola muno mudzakhala ng'ombe zinayi."

Anati, "Zinayi sindikuzifuna. Ndikufuna ziwiri zomwezi."

Ndinamuvutitsa milungu itatu. Pakamwa ndinali napo, abale. Amalume ake, a Sitefano, amene analinso ankhoswe athu, anandiitanira pambali. Anati, "Akamwini, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo." Ine ndinati mumtima, nkhalamba iyi sinakwerepo ndi sitima yomwe, idziwa chiyani za bizinesi. Potsiriza Agnesi anatopa. Anati, "Chabwino, tengani. Koma mudzandibwezere ziwiri. Goli ndisunga." Anatenga goli lija nkulipachika kudenga, m'nyumba. Tsiku lomwe ogula anabwera, iye anapita kuchitsime ndipo sanabwere mpaka ng'ombe zitapita.

Ndinabwera kuno ku Balaka. Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ina yotsekedwa. Chinthu choyamba kugula mukudziwa chinali chiyani? Chikwangwani. Ndinalembetsa dzina langa ndi penti wofiira ndisanagule ndi hamala yomwe. Makina owotcherera ndinalibe. Ndinkapempha kwa mwini galaja wina, nthawi ya nkhomaliro anyamata ake akapita kokadya. Miyezi inayi, ngolo ziwiri. Yoyamba anagula aphunzitsi ena. Yachiwiri inangokhala panja, mpaka nkhuku za eni ake malo zinayamba kuikiramo mazira. Kenako mwini galaja uja anati makina ake akutha, ndisabwerenso.

Ndinayenera kukhala ndi makina anga. Anali ku Blantyre, ndipo mtengo wake unali wa anthu ena, osati wa ine. Ndinapita kubanki nditavala jasi ya ku Joni, kunja kukutentha. Anandifunsa chikole. Ndinawaonetsa manja anga. Kalaliki anaseka, koma mwaulemu.

Ndiye ndinakumbuka Benito, mnzanga amene tinali limodzi ku Joni. Iye anali telala ku Liwonde. Ndinapalasa njinga kukamuona. Benito ndiye anandiuza za Che Twaliki.

Che Twaliki anali Msilamu, mwini malole atatu onyamula thonje ndi nsomba. Benito anati malole akewo amatitimira mumchenga, kumidzi sangafike, ndipo mkuluyo akufuna ngolo zambiri zotolera thonje kufikitsa kumsewu. Anati ndi munthu wodziwika pokweza ena, wina anamugulira chigayo, wina mashini osokera. Koma salandira munthu muofesi. Amalandira pa bawo, Loweruka masana, pakhonde la sitolo yake, msewu wopita kubaraji, mlatho uja wa pa Shire.

Nditamva bawo, mtima unati phaa. Abale, ine bawo ndinkaidziwa. Sindikudzitama, pamenepo pokha ndikunena zoona. Ndinkawerenga nkhomo, njere zosewerera zija, ndi maso, ndinkaona maulendo atatu kutsogolo mnzanga asanagwire dzenje. Jasi ija ndinkavala ndinapambana pa bawo ku Joni.

Koma Benito anandigwira mkono. Anati, "Achimwene, mumve. Munthu wa ndalama sadyedwa. Komanso mkulu ameneyu pachipani pano ndi munthu wamkulu. Mukamuchititsa manyazi anthu akuona, mwadzitsekera nokha chitseko. Muzigonja. Ndipo musapemphe kanthu, mudikire afunse yekha. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Zinandimvekera nzeru. Inu nomwe mukudziwa mmene tinakulira. Wamkulu salakwa. Wamkulu akanena kuti mbuzi ili ndi miyendo itatu, umati inde bwana, ndaiona.

Loweruka loyamba ndinafika. Pakhonde panali anthu khumi kapena kuposa. Che Twaliki anali kamunthu kochepa thupi, mkanjo woyera, kofia pamutu, magalasi okhuthala. Anandilonjera m'Chiyao, ine ndinayankha mophotchola, anthu anaseka. Kenako anati, "Ndamva kuti ku Utale kuli munthu wodziwa bawo. Ndinu?"

Ndinati, "Ndimangoyesa, bwana."

Anati, "Khalani apo, tione kuyesako."

Tinayamba. Sipanapite nthawi, ndinaona njira. Dzenje lachitatu, kumanzere kwanga. Ndikanayambira pamenepo, ndikanadya mzere wake wonse wakutsogolo, masewera nkuthera pompo. Chala changa chinapita chokha. Chinafika pamwamba pa dzenje lija. Benito anakhosomola kumbuyo kwanga. Chala chinabwerera, ndinagwira dzenje lina. Che Twaliki anandidya. Ine ndinaomba m'manja, ndinati, "Bwana ndinu katswiri." Anandiyang'ana nthawi yaitali kudzera m'magalasi aja. Anati, "Mubwerenso Loweruka."

Ndinapalasa kubwerera ku Balaka ndikuimba nyimbo. Lamlungu ndinapita ku Utale, ndinamuuza Agnesi kuti zatheka, kwangotsala kusaina.

Abale ndi alongo, ndinapita pakhonde limenelo chaka ndi theka. Loweruka lililonse. Mvula, dzuwa, malungo, ndinkapita. Ndipo Loweruka lililonse ndinkagonja. Ndinafika pokhala katswiri wa kugonja. Ndinkadziwa kugonja pang'ono, kuti aone ngati wavutikira. Ndinkadziwa kugwira mutu, nkumati aa, sindinaione imeneyo. Luso lonse limene Mulungu anandipatsa ndinkaligwiritsa ntchito yonamiza nkhalamba.

Sindinali ndekha pakhonde paja. Tinalipo angapo odikira. Wina ankafuna basi, wina ankafuna butchala. Tinkasekererana mano okha, mumtima tikudana. Mkulu uja akanena nthabwala, tinkapikisana kuseka. Akafuna madzi osamba m'manja kuti akaswali, tinkalimbirana ketulo. Ine ndinagula nsapato zatsopano za pakhonde pomwepo, kuti ndizioneka munthu. Ndinkatenga nkhuku ngati mphatso. Nkhukuzo zinkachokera kuti? Ngolo yachiwiri ija ndinaigulitsa motchipa. Kenako zitsulo. Kenako matabwa. Kuchipinda kuja kunatsala chikwangwani. Tikaweruka pa bawo, ine ndi Benito tinkalowa m'bala kukakambirana mmene mkuluyo wandiyang'anira lero, ngati zikutanthauza kuti zayandikira. Mowa unayambira pamenepo.

Nanga ku Utale? Ku Utale Agnesi ankalima ndi khasu. Munda womwe uja wa ng'ombe ziwiri, iye yekha, Rute ali kumbuyo. Chaka choyamba anakolola theka. Mvula yachiwiri inafika, ija ndinalonjeza ng'ombe zinayi. M'khola munali udzu wofika m'chiuno. Ndipo Agnesi anali woyembekezera, miyezi isanu.

Anandiuza kamodzi kokha. Anati, "Bambo a Rute, Loweruka lino khalani, mundithandize mizere. Msana ukundipweteka."

Ndinati, "Ndikajomba Loweruka limodzi, wina akhala pampando wanga. Pirirani pang'ono, zayandikira."

Loweruka limenelo anagwa kumunda. Anapita padera. Amayi a m'mudzi ndiwo anamunyamula. Nthawi imeneyo ine ndinali ku Liwonde, ndikuomba m'manja, ndikuti bwana ndinu katswiri. Uthenga unandipeza Lolemba. Nditafika ndinamupeza atagona pamphasa, nkhope yoyera ngati phulusa. Sanalire. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Bawo inayenda bwanji?"

Tsopano ndinene chinthu chimene chimandivuta kunena. Abusa anati umboni ukhale wathunthu. Loweruka lotsatira ndinapitanso. Mkazi wanga asanayambe ndi kuyenda komwe, ndinapukuta nsapato zija, ndinakwera njinga, ndinapita. Ndinkadziuza kuti ndikuchitira iye. Ndinkati ndataya zambiri, sindingasiyire panjira. Ndinapita, ndinagonja, ndinaomba m'manja.

Patapita miyezi iwiri, pakhonde panabwera munthu wachilendo wa ku Nselema, dzina lake Ganizani, wokhoma zidebe ndi mbaula. Anabwera kudzagulitsa zidebe, kabudula wa zigamba, zala zakuda. Anaima nkumaonerera. Kenako anati, "Agogo, pamenepo mwalakwitsa."  Che Twaliki anati, "Ndiye khala, undionetse." Ganizani anakhala. Anamudya. Anayambiranso, anamudyanso. Kachitatu anamudya akuseka, nkumati, "Agogo, nyumba yanu ndaipasula."  Benito anandinong'oneza kuti ameneyu agona kupolisi.

Che Twaliki anavula magalasi, anaseka mpaka misozi. Kenako anafunsa, "Iwe umagwira ntchito yanji?"

Milungu iwiri yokha, abale. Milungu iwiri, lole inabwera kuchokera ku Blantyre ndi makina owotcherera atsopano. Anali a Ganizani. Munthu woti kuwotcherera ankangokudziwa pang'ono, anachita kulembera mmisiri womuphunzitsa. Ngolo zonse zija ndinkazilota anapatsidwa iye.

Loweruka limenelo ndinaswa lamulo la Benito. Anthu atabalalika ndinatsalira. Ndinagwada. Ndinati, "Bwana, ine ndakhala pano chaka ndi theka. Ndinalakwa chiyani?"

Che Twaliki anali akubweza nkhomo m'kathumba. Sanafulumire. Anati, "Che Lukasi, Loweruka loyamba lija chala chanu chinafika padzenje lachitatu. Ndinachiona. Mukanandidya mzere wonse. Chala chinabwerera. Ndinati ndi mantha a tsiku loyamba, adzazolowera. Ngolo yanu ndinakaiona kwa aphunzitsi aja, ndi yolimba, sindinaonepo ina yotero. Mwezi woyamba womwe uja ndinali nditafunsa kale mtengo wa makina. Ndinkangodikira tsiku limodzi loti mundidye. Loweruka lililonse ndinkakutsegulirani njira dala. Loweruka lililonse chala chinkafika, nkubwerera."

Ndinati, "Unali ulemu, bwana."

Anati, "Ulemu ndili nawo wambiri, wadzaza khonde lino. Ine ndakalamba, maso akutha. Ndikufuna munthu woti akaona ndikulowa m'dzenje anene kuti Che Twaliki, mwalakwitsa. Inu mukanandiombera m'manja. Munthu wondinamiza pa nkhomo zopanda mtengo, pa chitsulo changa akanatani?"

Ndinati, "Tisewere kamodzi kokha, bwana. Moona."

Anati, "Iyayi. Tsopano mukandidya, mwandidya chifukwa ndakuuzani. Pitani bwino, mukawaone kunyumba."

Makina aja anali anga kuyambira mwezi woyamba. Ng'ombe za Agnesi zikanabwerera mvula yachiwiri isanagwe. Mwana uja, kaya, Mulungu ndiye adziwa, koma mayi ake sakanakhala yekha kumunda ndi khasu. Zonsezo zinali pansi pa chala changa, ndipo ine ndinkachibweza ndekha, Loweruka lililonse. Palibe anandilodza. Ndikanakonda ndikanati anandilodza.

Ndinapita ku Utale wopanda kanthu. Ankhoswe anakhala pansi. A Sitefano sananene zambiri, sanandikumbutse ndi za fodya zomwe. Anati mwini nkhani alankhule yekha. Agnesi analankhula atayang'ana pansi. Anati, "Ng'ombe ndinapereka ndekha, sindinaberedwe. Za mwana sindiwaimba mlandu, ndi za Mulungu. Koma Loweruka lotsatira anapitanso. Ine ndili pamphasa, ndinamva akupopa njinga. Chimenecho ndiye chimene sindingakhale nacho m'nyumba imodzi."

Ukwati unathera pomwepo. Ndinatuluka m'mudzi muja ndi sutikesi yomwe ndinalowa nayo. Rute anali ndi zaka zinayi, anandithamangira mpaka pamsewu akuganiza kuti ndikukamugulira sikono.

Za miyezi yotsatira sindikumbuka zambiri, ndipo zimene ndikukumbuka si zonena m'nyumba ya Mulungu. Kachipinda kaja anandilanda. Wailesi inapita, njinga inapita, jasi inapita. Zonse zinathera m'botolo. Benito akandiona ankalowa m'kati mwa shopu yake. Ndinatsala ndi malaya amodzi ndi nsapato zija za pakhonde.

Tsiku lina, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, ndinafika pa baraji ku Liwonde. Sindinaledzere tsiku limenelo, ndikufuna mudziwe. Mutu unali bwinobwino. Ndinawerenga moyo wanga monga ndinkawerengera nkhomo, maulendo atatu kutsogolo, ndipo sindinaone njira. Madzi a Shire ankatuluka pazitseko za barajiyo ndi mkokomo. Ndinavula nsapato. Ndinaziika bwinobwino pambali, kuti wina adzatole. Ndinagwira chitsulo cha m'mbali mwa mlatho.

Ndinamva mawu kumbuyo. "Achimwene, tagwirani apa."

Ndinatembenuka. Anali bambo wina wonenepa, thukuta kamukamu, ali ndi njinga yosenza dengu lalikulu la nsomba zouma. Chitsulo cha pakati pa njinga chinali chitathyoka chifukwa cha kulemera. Ndi awo akhala kutsogoloko, a Mbewe, akulu a mpingo uno. Nthawi imeneyo sindinkawadziwa. A Mbewe, musabise nkhope, ndi inu nomwe.

Ndinagwira njinga ija, chifukwa munthu wamkulu akati gwira umagwira. Iwo anatenga mphira nkuyamba kukulunga pothyoka paja. Ankakulunga molakwika, abale. Molakwika kwambiri. Sizikanafika ndi pamsika pomwe. Ine munthu woti ndatsala pang'ono kufa, mtima unandiwawa ndi ntchito yoipa ija. Ndisanaganize, pakamwa pananena pokha. Ndinati, "Bambo, mwalakwitsa. Sizimangidwa choncho."

Nditanena ndinadzidzimuka. Mawu amenewo ndi aja ndinawameza chaka ndi theka. Anatuluka pa mlatho, kwa munthu wa nsomba, popanda phindu lililonse.

A Mbewe anati, "Ndiye ndionetseni."

Ndinatsika kumsewu, ndinathyola mtengo wowongoka, ndinatola waya pa mpanda wina. Ndinamanga ngati mmene amamangira mwendo wothyoka. Ndinawauza kuti asakwere, aziikankha mpaka akapeze wowotcherera. Anati, "Ndikupita ku Balaka, ndekha sindifika ndi dengu ili. Tiyeni." Kenako anayang'ana mapazi anga. Anayang'ana nsapato zili pambali paja. Anayang'ana madzi. Anafunsa, "Nsapato munavuliranji?"

Ndinawauza. Ndinalibenso mphamvu zonamizira munthu. Sanandilalikire. Anangoti, "Kavaleni. Msewu wa ku Balaka ukutentha."

Tinakankha njinga ija mtunda wonse. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo nditagwira dengu. Ndinawauza zonse, za Bulaki ndi Sitima, za pakhonde, za Loweruka lija. Pena ndinkalira, iwo osaima. Titafika pakati pa njira anatsamiritsa njinga pamtengo, anati, "Zonsezi mwandiuza ine, wogulitsa nsomba. Tsopano mumuuze Mwini wake, mawu omwewo, osachotsera." Ndinagwada m'fumbi m'mbali mwa msewu, malole akudutsa. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati, Ambuye, ndine wabodza, ndipo bodza langa lapha nyumba yanga. Ndinalibe china chowonjezera.

Sindikuuzani kuti kumwamba kunatseguka. Sindinamve mawu. Ndinadzuka ndili Lukasi yemweyo, wanjala, wopanda mkazi. Koma ndinafika ku Balaka wamoyo, ndipo m'mawa mwake njinga ija ndinaiwotcherera ndekha pa galaja ya msuweni wawo wa a Mbewe. Msuweniyo ataona mzere umene ndinawotcherera anandilemba ntchito. Ndinagona pakhonde la a Mbewe miyezi isanu ndi umodzi, ndikununkha nsomba. Ndinabatizidwa mumpingo muno.

Zaka zinayi ndinagwira pa galaja paja mpaka ndinagula makina akale, aja mumawaona akulira ngati akudwala chifuwa. Ndimawotcherera makasu, njinga, mapoto, mabedi. Chikwangwani ndilibe. Ngolo za Ganizani zadzaza Utale yense, ndipo zikathyoka zina zimabwera kwa ine. Ndimazikonza. Poyamba zinkandiwawa, tsopano ndi ntchito basi. Che Twaliki anamwalira, ndinapita kumaliro awo, ndinaima patali. Munthu uja sanandilakwire. Bawo ndimasewerabe, Loweruka madzulo pansi pa mtengo wa pamsika, ndipo ndimadya aliyense. Abusa akudziwa, anayesapo.

Mwina mukudikira ndinene kuti Mulungu anandibwezera zonse kawiri ngati Yobu. Iyayi, abale. Sizinatero.

Chilimwe chathachi, patapita zaka zisanu ndi zinayi, ndinagula ng'ombe imodzi. Imodzi. Ndinaikoka wapansi mpaka ku Utale. Agnesi sanakwatiwenso, koma musamve zimene sindinanene. Ndinamupeza akusenda chinangwa pabwalo. Wakalamba msanga. Msana unapindika, ndipo ndikudziwa chimene chinaupinda. Rute ndi namwali tsopano. Anandigwadira, anandilonjera mwaulemu, ulemu uja timapereka kwa mlendo wodutsa.

Agnesi anadzuka. Anaizungulira ng'ombe ija, anaiyang'ana mano, anaiyang'ana ziboda. Anati, "Ndi yabwino." Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi goli lija, lakuda ndi mwaye, mbali imodzi anankafumbwe atayamba kudya. Analiika pansi pakati pa ine ndi iye. Anati, "Goli ili ndi la ng'ombe ziwiri."

Ndinati, "Ndikudziwa, mayi a Rute."

Anandipatsa madzi m'chikho, ndinamwa choimirira. Anati, "Mukadzabwera ndi inzake, ndidzakupatsani mpando. Zoposa mpando musayembekezere."

Ndinabwerera ku Balaka tsiku lomwelo.

Ndiye ndikuthokoza chiyani? Ndikuthokoza kuti ndili moyo. Ndikuthokoza kuti Ambuye ananditumizira njinga yothyoka, chifukwa akanatumiza mlaliki ndikanamuombera m'manja nkudumpha. Ndikuthokoza a Mbewe ndi amayi a kunyumba kwawo. Ndikuthokoza kuti pakamwa panga tsopano pamatuluka chimene maso aona, ngakhale kwa munthu wamkulu. Anandikhululukira Mulungu, zimenezo ndimakhulupirira. Koma mwana uja sadzabwerera, ndi msana uja sudzawongoka. Masiku ena ndimadzuka ndi mtima wolemera ngati tsiku la pa baraji lija. Kusiyana kwake nkwakuti tsopano ndimavala nsapato nkupita kuntchito.

Mvula yayandikira. Ng'ombe imodzi silima. Chaka chino Agnesi alimanso ndi khasu.

Lachitatu lapitali Rute anabwera kuntchito kwanga, koyamba chibadwire. Anabwera ndi khasu la amayi ake, litang'ambika pakati. Ndinaliwotcherera mosamala kuposa chitsulo chilichonse chimene ndinagwirapo. Atatulutsa ndalama ndinakana. Ndinati, "Mwanawe, sindingalandire." Anaiika pamwamba pa makina. Anati, "Amayi anati mukakana ndiisiye pomwepo. Akuti muphatikize pa ng'ombe ija."

Ndalama imeneyo ili m'thumba la malaya muno. Sindinaigwiritse ntchito, ndimangoikhudza.

Abale ndi alongo, musandipempherere chuma, ndinachifunapo ndipo mwamva kumene chinandifikitsa. Mundipempherere ng'ombe imodzi, ifike mayi uja akadali ndi mphamvu zogwira pulawo. Ndathera pamenepo. Ambuye akusungeni nonse. Amen.